Musanagule kathirakitala, muyambe mwazungulira kumbuyo kwake

Munthu aliyense akaona thirakitala yanga funso loyamba limakhala lomwelomwelo, ndi ya mahosipawa angati? Ndimayankha ndithu, koma mumtima ndimadziwa kuti yankho limenelo silimuthandiza kwenikweni ngati nayenso akuganiza zogula yake. Nambala yolembedwa pa boneti ija ogulitsa amaikonda chifukwa ndi yosavuta kuyerekeza, 35 ndi yoposa 25, basi nkhani yatha. Koma ine mmene ndakhalira ndi makina amenewa pamalo panga, kutchetcha udzu, kukonza msewu wolowera kunyumba, kututa manyowa ndi miyala, kukoka mitengo yogwa ndi mphepo, masiku amene injini inaperewera mphamvu ndi owerengeka kwambiri. Zimene zimaimitsa ntchito ndi zina. Kupepuka kwa thirakitalayo, kusowa chida choyenera choti mumangirire kumbuyo, ndi kachitsulo kakang'ono kothyoka koti simungakapeze pafupi.

Tiyambe tamvana kaye za makina amene ndikunena. Si zimathirakitala zija za m'minda ikuluikulu ayi, komanso si kamakina kotchetchera kapinga kokhala ndi mpando kaja. Ndikunena yapakatikati, ya dizilo, kawirikawiri ya masilinda atatu kapena anayi, mphamvu kuyambira cha m'ma 20 kukafika 50 kapena 60, ndipo yambiri masiku ano imakoka ndi matayala onse anayi. Kubota, Yanmar ndi Iseki a ku Japan, Kioti ya ku South Korea, Mahindra ya ku India, John Deere, Massey Ferguson, New Holland, onsewa ali nazo. Musamangenso kwambiri mtima pa mtundu wa penti, chifukwa mathirakitala ang'onoang'ono ambiri a John Deere a m'zaka za m'ma 1980 ankapangidwa ndi Yanmar ku Japan, ndipo ang'onoang'ono ambiri a Massey Ferguson amapangidwa ndi Iseki. Penti ndi ina, chitsulo chamkati ndi cha wina.

Musanapite n'komwe kokaona makina, khalani pansi mulembe ntchito zimene mukufuna azikugwirirani, osati zolota zoti mwina tsiku lina, koma zimene chaka chathachi munazigwiradi ndi manja kapena munalipira munthu. Pambali pa ntchito iliyonse lembani chida chake. Udzu wautali ndi tchire, silasha. Msewu wokumbika ndi madzi, chitsulo chosalazira chokoka kumbuyo chija. Kufewetsa dothi, rotaveta. Maenje a mizati ya mpanda, chokumbira chozungulira. Kututa, loda (chibaketi chakutsogolo) ndi ngolo. Mukatero muone chida cholemera kwambiri komanso chofuna mphamvu kwambiri pamndandandapo, chimenecho ndi chimene chikuuzeni kukula kwa thirakitala yoti mugule. Muyezenso geti lanu, khomo la shedi, mpata wapakati pa mitengo imene munadzala, chifukwa thirakitala yoti sikulowa pamene pali ntchito ndi yopanda phindu olo itakhala yamphamvu bwanji. Ndipo ndalama zonse zisathere pa thirakitala yokhayo. Payokha imangoyenda basi, zogwira ntchito ndi zida zija.

N'chifukwa chake ndikuti muyambe mwazungulira kumbuyo. Kumeneko mupezako mikono iwiri yapansi imene imakwera ndi kutsika ndi hayidiroliki, mphamvu ya oyilo wopopedwa m'mapaipi, ndi wina umodzi wapamwamba wopotokola kuti utalike kapena ufupike. Malo atatu amenewa ndi pamene chida chilichonse chimalumikizidwa, ndipo mbiri yake imandisangalatsa chifukwa ikufotokoza zonse zimene ndikufuna kunenazi. Kale pulawo inkangokokedwa kumbuyo ndi tcheni kapena chitsulo chimodzi, ndipo ikakodwa pa mwala kapena pa muzu thirakitala inkadzuka kutsogolo n'kugwa chagada, anthu ambiri anafa choncho. Kuti matayala agwire pansi opanga ankangowonjezera zitsulo, makina n'kumalemera mopitirira. Harry Ferguson, wa kumpoto kwa Ireland, analembetsa nzeru yake mu 1926, yoti pulawo ndi thirakitala zikhale thupi limodzi, mwakuti dothi likamalimbana ndi pulawo mphamvu imeneyo izipsinja matayala akumbuyo pansi, kwinaku mkono wapamwamba uja ukukankha kutsogolo kuti kusadzuke. Mu 1939 anatulutsa Ford 9N mogwirizana ndi Henry Ford, kenako mu 1946 ku Coventry, ku England, anayamba kupanga TE20, kathirakitala kotuwa kaja, ndipo pofika 1956 anali atapanga oposa 500,000. Mphamvu yake inali ya m'ma 20 chabe, koma kanalima minda yambirimbiri padziko. Nkhani ya Ferguson yonse inali ya kulemera, kuti kukhale pa tayala loyenera pa nthawi yoyenera.

Mikono imeneyi ili ndi masaizi, ndipo mathirakitala ang'onoang'ono ambiri ali mu gulu 1, mapini apansi mamilimita 22, yapamwamba 19. Zida za gulu limeneli ndi zosavuta kupeza olo zakale, nde ngati imene mukuyang'anayo ili ndi mikono yachilendo yoti imangolandira chida chimodzi chimene inabwera nacho, dziwani kuti mwadzimanga. Funsaninso kuti imanyamula makilogalamu angati, ndipo mufunse kuti anayezera pati. Nambala yoyezera kumapeto kwenikweni kwa mikono imaoneka yaikulu, koma yoona ndi imene amayeza mamilimita 610 kumbuyo kwake, chifukwa silasha kapena rotaveta kulemera kwake kumakhala kutali ndi thirakitala. Ngati mukufuna kulima ndi pulawo funsani ngati hayidiroliki yake imatha kumva kulimba kwa dothi n'kumadzikweza yokha pang'ono, chifukwa ang'onoang'ono ambiri amakono alibe zimenezo, amangoimika chida pamene mwaika liva.

Pakati pa mikono ija pali kashafiti ka mano sikisi kotulukira kunja, PTO. Kamazungulira ka 540 pa mphindi, ndipo ndi kamene kamayendetsa silasha, rotaveta, pampu ya madzi, chigayo chaching'ono, chilichonse chozungulira. Apa nde pamene mahosipawa amawerengedwadi, koma osati a pa boneti aja. Mphamvu ina imatayika panjira isanafike pa shafitiyo, mwakuti thirakitala ya 25 imatha kupereka 19 kapena 20 pa PTO. Anthu otchetcha amawerengera mahosipawa a PTO pafupifupi asanu pa futi iliyonse ya kutambalala kwa silasha, nde ya 20 imakwana silasha ya mafuti anayi, ya mafuti asanu imatha pa udzu wofewa koma m'tchire lokhwima muzingoyenda pang'onopang'ono injini ikubuula. Silasha izikhala yotambalala mokwanira kuphimba pamene matayala aponda, apo ayi mzere uliwonse muzisiya udzu wogona umene umadzukanso mawa lake.

Tsopano nkhani ya kulemera, ndipo apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagula molakwika. Mphamvu ya injini imafika pansi kudzera m'matayala, ndipo tayala limagwira nthaka malinga ndi kulemera kumene kwalipsinja. Thupi likakhala lopepuka matayala amangozungulira pamalo amodzi kukumba dzenje, utsi uli tolotolo, ntchito osayenda. Taonani chitsanzo ichi cha kampani imodzi, Kubota BX2680 ndi Kubota L2501, onse awiri mahosipawa 24.8. Woyambayo amalemera pafupifupi makilogalamu 700, winayo amapitirira 1,100, ndipo matayala ake ndi aakulu, mimba yake ili pamwamba moti amadutsa pa zitsa ndi m'mizere osakhula pansi. Papepala ndi ofanana, koma mukawamangirira chosalazira msewu chodzaza ndi miyala yaing'ono, wina amakoka wina amangopalasa. Woyambayo si woipa ayi, pa kapinga wosamalidwa ndi m'malo opanikiza ndi wabwino kwambiri chifukwa sawononga pansi, kungoti ntchito zawo ndi zosiyana ndipo nambala ya injini sikuuzani zimenezo.

Mwina mwadabwa kuti bwanji 24.8 osangoti 25 kapena 26. Malamulo a utsi ku America ndi ku Ulaya amakhwima kwambiri injini ikafika makilowati 19, amene ndi pafupifupi mahosipawa 25, ndipo kupitirira apo mathirakitala ambiri atsopano amakhala ndi sefa yogwira mwaye mu ekizozi, DPF, imene nthawi ndi nthawi imafuna kutenthedwa kuti iyere, ndi kompyuta yoyang'anira zimenezo. Opanga nde amaimitsa injini zambiri pansi pang'ono pa mzere umenewo kuti makina akhale osavuta. Ngati mugula yokhala ndi DPF, musamaisiye ikungolira pang'onopang'ono nthawi yaitali, imafuna kugwira ntchito itatentha, ndipo nyale ikayaka yoti ikudziyeretsa muzilola imalize, komanso musaimike pa udzu wouma nthawi imeneyo chifukwa ekizozi imatentha zedi.

Loda, mikono iwiri yakutsogolo yokhala ndi chibaketi ija, ndi chida chimene ndimagwiritsa ntchito kuposa china chilichonse, ndipo ngati ndalama zikulola mugule thirakitala ili nayo kale chifukwa kuikitsa pambuyo pake kumavuta komanso kumadula. Msana wanga ukupuma chifukwa cha chida chimenechi. Koma ndi chimenenso chimasintha khalidwe la makina onse. Ndisanagule yanga ndinapempha wogulitsa kuti andilole kutapa mchenga wonyowa umene unali pamulu pabwalo pawo, kumbuyo kulibe chida chilichonse. Nditangokweza chibaketi kufika m'chiuno chiwongolero chinalemera, matayala akutsogolo anaphwatalala m'munsi, ndipo pobwerera m'mbuyo tayala limodzi lakumbuyo linangozungulira pamwamba pa fumbi osagwira kanthu, mpando ndikuumva kuti wapepuka pansi panga. Zimakhala ngati wilibala yodzaza, katundu yense ali pa tayala lakutsogolo miyendo yakumbuyo ili m'malere. Ndinatsitsa, tinamangirira silasha kumbuyo, n'kutapanso mchenga womwewo, ndipo makina anakhala pansi bwinobwino.

Chimene chimaopsa apa n'chakuti ekiselo yakutsogolo ya thirakitala imamangidwa pa pini imodzi pakati kuti izipendekeka potsata nthaka, ndiye chimene chimaletsa makina kugwera m'mbali ndi matayala akumbuyo okha. Akapepuka amenewo palibenso chokugwirani. Mchenga wonyowa wa kiyubiki mita imodzi umayandikira matani awiri, nde olo kabaketi kooneka kakang'ono kakadzaza kanyamula zambiri. Njira zowonjezera kulemera zilipo zingapo. Ena amathira madzi m'matayala akumbuyo mpaka magawo atatu mwa anayi, valavu ili pamwamba, malo otsalawo mpweya, ndipo kumene madzi amaundana ndi chisanu amathiramo zina zoletsa kuundana. Ena amamanga zitsulo pa marimu. Zonsezi zimathandiza kuti tayala ligwire, koma sizichotsa katundu pa ekiselo yakutsogolo. Chimene chimachotsa ndi cholemera chopachikidwa pa mikono yakumbuyo ija, kaya bokosi la konkire kaya chida cholemera, chifukwa chili kuseri kwa matayala akumbuyo ndipo chimapeputsa kutsogolo. Ine sinditapa chilichonse cholemera kumbuyo kuli kopanda kanthu. Nambala ya loda nayonso muifunse bwino, yoyezera pa mapini a chibaketi ndi yaikulu kuposa yoyezera mamilimita 500 kutsogolo kwake, pamene katundu amakhaladi.

Izi zikundifikitsa pa nkhani imene sindiseka nayo. Kugubuduzika ndi kumene kumapha anthu ambiri pa ngozi za mathirakitala, ndipo ang'onoang'ono ndi opapatiza, sachedwa. Chitsulo chopindika chija chokwera kumbuyo kwa mpando, ROPS, si chokongoletsa. Dziko la Sweden linayamba kulamula kuti mathirakitala atsopano azikhala nacho mu 1959 ndipo imfa za kugubuduzika zinatsika kwambiri kumeneko. Chimagwira ntchito limodzi ndi lamba, chitsulocho chimasiya mpata pansi pa makina ogwa, lamba amakusungani mumpatamo. Zambiri zimapindika kuti mulowe mu shedi kapena pansi pa nthambi, ndipo vuto ndi loti anthu akapinda kamodzi sadzutsanso. Dzutsani abale. Thirakitala yopanda chitsulo chimenechi ine sindingagule pokhapokha nditatsimikiza kuti choyesedwa cha mtundu umenewo chikupezeka, chowotcherera nokha ndi mapaipi chimatha kupindikira pa inu nomwe.

Pokoka chitsa kapena galimoto yotitimira tcheni chimangidwe pa chitsulo chokokera chapansi chija basi, chimene chili m'munsi mwa ekiselo. Mukamanga pamwamba, pa mkono wapamwamba kapena pa ekiselo penipeni, matayala akagwira thupi lonse limazungulira chagada, ndipo zimenezi zimatha pa sekondi imodzi ndi theka, phazi lisanafike n'komwe pa kilatchi. Pamalo otsetsereka muziyenda chokwera ndi chotsika, osati chopingasa, chibaketi chili pansi pafupi ndi nthaka. Mabuleki a ang'onoang'ono ambiri ali kumbuyo kokha, nde potsika ndi katundu muzilowetsa matayala onse anayi kuti akutsogolo athandize kugwira. Mapedulo a buleki amakhala awiri, lamanzere ndi lamanja, othandiza pokhota m'munda, koma pamsewu muziwalumikiza ndi kachitsulo kake. Shafiti ya PTO ija 540 pa mphindi ndi maulendo naini pa sekondi, ikagwira mkono wa malaya kapena chingwe cha jekete munthu alibe nthawi yoti n'kukuwa, choncho chophimba chake chapulasitiki chikasweka musinthe, ndipo musatsike pampando injini ikulira chida chikuzungulira. Za ana nde ndimakana poyera olo alire bwanji. Mpando ndi umodzi, wokwera ndi mmodzi. Mwana wokhala pa madigadi kapena m'chibaketi akagwa amagwera pamene tayala kapena silasha ikudutsa.

Za magiya sindichedwapo. Ya hayidirositatiki, HST, ilibe zosinthasintha, mumangoponda pedulo kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo pa ntchito ya loda ndi kutchetcha mozungulira mitengo palibe yoposa imeneyi, ngakhale imadya mphamvu pang'ono komanso oyilo wake amafuna ukhondo. Ya magiya ndi kilatchi ndi yotsikirapo mtengo, yosavuta kukonza, ndipo pokoka pulawo tsiku lonse pa liwiro limodzi ndi yabwino. Ngati ntchito yanu yambiri ndi ya loda ndipo mwasankha ya magiya, bola ikhale ndi kaliva kosinthira kutsogolo ndi kumbuyo pafupi ndi chiwongolero. Matayala nawo musankhiretu pogula, R1 a mano aatali a m'matope ndi m'munda, R3 osalala a pa kapinga, R4 apakatikati olimba m'mbali amene amapirira loda ndi minga. Kusintha pambuyo pake nthawi zambiri kumafuna marimu ena, ndipo pa thirakitala yokoka ndi onse anayi akutsogolo ndi akumbuyo amayenera kugwirizana kukula, apo ayi magiya akutsogolo amadyeka.

Ambiri timagula yoti inagwirapo kale ntchito, ndipo palibe cholakwika, injini ya dizilo yosamalidwa imagwira maola masauzande angapo. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Muuzeni wogulitsa kuti mukufuna kuipeza isanalizidwe tsiku limenelo, ndipo mukafika chinthu choyamba ikani dzanja pa injini. Ina imene ndinakaona m'mawa kwambiri, mame adakali pa mpando, injini yake inali yofunda, mwiniwake akuti anangoisuntha pang'ono. Ndinabweranso tsiku lina mosawauza. Inazungulira nthawi yaitali isanagwire, kenako utsi wabuluu umene sunathe olo itatentha, ndipo nditatsegula potsekera oyilo mpweya unkatuluka mwamphamvu mpaka kachivindikiro kankavina ndikakaika pakamwa pake. Maringi a mapistoni a mu injini anali atatha. Penti inali yatsopano, yonyezimira, yopakidwa mpaka pa mapaipi a labala ndi pa manipo a girizi.

Utsi umalankhula. Wabuluu ndi oyilo akupsa, woyera wosatha injini itatentha ndi dizilo wosapsa bwino kapena madzi akulowa, wakuda ndi mpweya wochepa kapena ma injekita. Solola chitsulo choyezera oyilo wa injini ndi wa hayidiroliki, akaoneka ngati mkaka muli madzi. Kwezani chida cholemera kumbuyo, zimitsani injini, muone ngati chikutsika chokha msanga. Kwezani matayala akutsogolo ndi loda n'kuwagwedeza, muone ngati oyilo akudontha pa ekiselo. Lowetsani PTO ndi kuichotsa, yesani giya lililonse, yesani kukoka ndi onse anayi pa dothi. Mita ya maola musaikhulupirire yokha, yerekezani ndi mmene mapedulo adyekera, mabowo a mikono yakumbuyo ngati atambasuka kukhala ngati dzira, ndi kugwedera kwa mapini a loda. Pomaliza yang'anani ming'alu ndi zowotcherera pamene loda imamangidwa ku thupi la thirakitala.

Pali gulu lina limene limakopa chifukwa chotsika mtengo, mathirakitala akale ochokera m'minda ya mpunga ya ku Japan, amene amatumizidwa m'mayiko ambiri, kawirikawiri atanyamula rotaveta yake kumbuyo. Injini zake ndi zabwino ndipo maola amakhala ochepa. Koma anapangidwira msika wa kwawo, zolemba zonse ndi za Chijapani, ambiri alibe ROPS, ndi opapatiza, PTO yake imakhala ndi maliwiro angapo ndipo mukalakwitsa mutha kuzungulitsa silasha mopitirira muyezo wake, komanso nambala ya mtundu wake wogulitsa masipeya akhoza osaipeza m'buku lake olo dzina la kampani lili lomwelo. Pa akale ambiri, a ku Japan ndi ena omwe, PTO imalumikizana ndi magiya mwachindunji, nde mukaponda kilatchi mipeni ya silasha imapitiriza kuzungulira ndi kukankha thirakitala kutsogolo, kumpanda kapena kudzenje. Pali kachida koika pa shafiti kolola kuzungulira mbali imodzi yokha, ngati yanu ndi yotere musatchetche musanakaike.

Masipeya ndi makaniko ndi zimene ziyenera kusankha dzina la kampani, osati zokamba za pa intaneti zoti uyu ndiye mfumu. Musanapereke ndalama pitani kwa wogulitsa masipeya amene mungafikeko mosavuta, mupereke nambala ya mtundu umene mukufunawo, mufunse fyuluta ya oyilo, ya dizilo, ya hayidiroliki, lamba wa fani, pampu ya madzi, masilu a ekiselo yakutsogolo. Muone zimene akutulutsa pashelefu pompo ndi zimene akuti tiitanitsa. Thirakitala imawonongeka nthawi imene ikugwira ntchito kwambiri, imene ndi nthawi yomweyo imene udzu ukukula ndipo msewu ukukumbika, nde kudikira fyuluta mwezi wathunthu kumapweteka. Mufunsenso amakaniko a pafupi kuti ndi iti imene anaitsegulapo. Buku la makinawo mulipeze, olo lopulinta, ndipo mulisunge pamalo oti manja a girizi angalifikire.

Kukhala nayo tsiku ndi tsiku si ntchito yaikulu koma imafuna kusadumphitsa. Yatsopano oyilo ndi mafyuluta oyamba amasinthidwa pa maola 50 chifukwa zitsulo zikamakhazikika zimasiya tizidutswa, kenako mumatsata buku. Mapini a loda amafuna girizi pafupifupi maola 10 aliwonse a ntchito, mumapopa mpaka wakale wakuda atulukire m'mbali. Potchetcha udzu wouma kasefa ka kutsogolo kwa radiyeta kamatsekeka ndi mungu ndi zinyalala pa maola ochepa chabe, diso lizikhala pa geji ya kutentha, ikayamba kukwera imani musolole kasefako mukunthe. Ine ndimakuntha nthawi iliyonse ndikaima kumwa madzi. Dizilo akhale woyera, wosefedwa pothira, ndipo thanki ndi bwino kudzaza madzulo mukaweruka kuti usiku musachite thukuta la madzi mkati. Kabotolo koonekera kamene kali pansi pa fyuluta ya dizilo kamasonyeza madzi akaunjikana, muzikhuthula. Musalole dizilo kutheratu chifukwa mpweya ukalowa m'mapaipi mudzagwira sipanala kuupopa. Mabawuti a matayala ndi a loda amamasuka, makamaka miyezi yoyambirira, muziwayesa. Makoswe amakonda kumanga zisa pamwamba pa injini yofunda n'kumatafuna mawaya, nde ikakhala nthawi osayenda tsegulani boneti musanalize.

Paipi ya hayidiroliki ikamadontha musafufuze ndi dzanja. Oyilo mmenemo amakhala wopanikizika mwamphamvu kwambiri, kabowo kosaoneka n'komwe kamatha kumulowetsa pansi pa khungu, bala limaoneka laling'ono koma ndi la kuchipatala nthawi yomweyo chifukwa munthu amatha kuduka chala kapena dzanja. Pofufuza podontha gwiritsani katoni. Ndipo silasha yanu ikadula bawuti yofewa ya pa shafiti yake, musaikepo yolimba kuti isadukenso, inapangidwa dala kuti iziduka iyo m'malo mwa magiya.

Si aliyense amene akufunika kugula. Ngati ntchito yanu yaikulu ndi kulima kamodzi pachaka, kulipira mwini thirakitala yaikulu kuti adzakulimireni tsiku limodzi n'kwanzeru kuposa kusunga makina amene azingokhala mu shedi batire ikutha, matayala akung'aluka. Chimodzimodzi ntchito zazikulu za kamodzi, kukumba damu, kuzula zitsa zikuluzikulu, zimenezo itanani makina ake, kathirakitala mukakakakamiza mungothyola loda. Yaing'ono imabweza ndalama zake pa tintchito tambirimbiri tobwerabwera sabata ndi sabata, milu ya manyowa, ngolo ya nkhuni, ngalande yotsekeka, msewu mvula ikangodutsa, tija timene kale tinkadikira kuti mupeze anthu anayi ndi tsiku lathunthu.

Ndipo mukangogula, anansi ayamba kubwera, zimenezo konzekeranitu. Ine ndimathandiza ndi mtima wonse, koma makiyi sindipereka, ndimapita nayo ndekha, timagwirizaniratu za dizilo ndi maola, ndipo ndisanalowetse silasha m'tchire la munthu timayamba tayendamo wapansi limodzi kuyang'ana zitsa, miyala, mawaya akale a mpanda ndi maenje obisika ndi udzu. Mwini malo amadziwa pamene pali chitsime chakale chokwiririka, ine ndimadziwa pamene makina anga amayamba kupendekeka, ndipo ana ndi ziweto timayamba tawachotsa kutali chifukwa silasha imaponya mwala mtunda wautali ndithu.